Thirakitala Yogona Panja

Wongani, matabwa amene bambo ako atsitsa kuseri kwa khitchini ndawaona. Ndaonanso kuti sanabwere kudzandiuza okha, atuma iwe, chifukwa akudziwa kuti mdzukulu sindimukalipira. Tamanda, usaseke. Nawenso ndinakumva dzulo ukufunsa agogo ako aakazi kuti n'chifukwa chiyani thirakitala imagona panja pa mvula, pomwe shedi ilipo ndipo mukugona nkhuku.

Funsolo ndi labwino. Mvula ya ku Mzuzu siichitira chisoni chitsulo. Utoto wa pa boneti wasuwa, mpando ndimaufunditsa pepala la pulasitiki ngati tomato wa pamsika. Ine amene ndakhala wosunga katundu moyo wanga wonse ndikudziwa kuti uku n'kuwononga. Bambo anu akufuna kukweza denga la shedi kuti paipi ya utsi isamagunde, ndipo ine ndakhala ndikukana. Mvulayi siikata msanga, choncho khalani pakhonde pompano ndikuuzeni chifukwa chake, kenako mukawapatsire yankho. Mafoniwo muwatembenuze. Lusungu, siya mchira wa mphaka.

Shediyo sindinamange ine. Anamanga ndi alamu anga a Wedisoni, achimwene awo a agogo anu aakazi. Wongani, iwe ukuwakumbukira pang'ono, aja a ku Chibanja ankakubweretsera nzimbe n'kumakutchula kuti hedimasitala. Lusungu sunawaone. Anali mphunzitsi wa pulayimale, wamtali, waphokoso, woseka ndi thupi lonse. Anthu ankadabwa kuti timagwirizana bwanji, poti iwo ankamaliza nkhani yonse ine ndisanatsegule pakamwa.

Ndinabwera kuno kuchokera ku Balaka nditangomaliza sekondale, kudzagwira ntchito ya ukalaliki wa m'sitolo pa kampani ina yocheka matabwa. Basi ya nthawi imeneyo inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo pamwamba pake pankakhala njinga, matumba ndi madengu a nkhuku. Inu lero mumakwera basi ya kanema n'kumadandaula kuti netiweki yathawa pa Chikangawa. Ine ndinatsika mwezi wa Juni ndi malaya a manja aafupi, poganiza kuti dziko lonse ndi lotentha ngati kwathu. Lamulungu loyamba ndinanjenjemera m'tchalitchi mpaka buku la nyimbo linagwa. Munthu amene anali pambali panga anavula juzi yake n'kundiveka ngati mwana. Anali a Wedisoni.

Ndi iwo anandiphunzitsa kudya kondowole, nsima ya chinangwa ija. Ine ndinkatafuna, iwo n'kumagwa ndi phwete. "Mezani, a ku Balaka, mezani! Si nyama imeneyo!" Juzi ija sindinabweze. M'malo mwake ndinawatengeranso mlongo wawo.

A Wedisoni anali ndi munda ku Lusangazi, umene anaupeza kalekale akuphunzitsa kumeneko. Mwaufika, mukuudziwa: wotsetsereka pang'ono, dothi la katondo, mtengo wa msuku kumtunda, dambo kumunsi. Koma mmene mumauonera lero si mmene unalili. Iwo ndi akazi awo a NyaChirwa ankalima kangodya kamodzi ndi makasu. Kwina konse kunali tsekera ndi zitsa.

Khasu inu mumalidziwa ngati chinthu chokumbira maenje a maluwa kusukulu. Ife tinkapatsidwa ndime m'mamawa tisanapite kukalasi, ndipo cholembera tinkachigwira ndi manja a matuza. Khasu likatha, chitsulo chake sitinkataya; chinkakhala chopalira moto kapena belu la pa sukulu. Ng'ombe zokoka pulawo ndinadzaziona kuno kumpoto. Ndinawauzapo alamu kuti tigule ziwiri. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ine mwana wa kunyanja? Ine ndi ng'ombe timakumana m'mbale mokha, alamu."

Chimene ankafuna anandiuza tsiku lina titaima pansi pa msuku uja. Sanaseke ponena. "Ndikufuna ndidzaone munda wonsewu uli wofiira tsiku limodzi, kuchokera pano mpaka kudambo. Ndipo pamwamba pa chitsulocho pakhale ine."

Atapuma pantchito analandira ndalama zawo za penshoni. Ine kampani yathu inali itatseka, ndinali ndi kashopu kanga ka misomali ndi utoto ku Katawa, ndi kangachepe kosunga. Tinagwirizana kugula thirakitala yaing'ono pamodzi, kuti tizilima minda yathu, nthawi yotsala tizilimira anthu olipira. Zawo zinali zambiri kuposa zanga, koma pazokha sizikanakwana. Muzimvetse bwino pamenepa, ana inu: popanda ine kuvomera, panalibe kugula.

Tinaona mathirakitala atatu. Mayina a makampani ake sinditchula. Ife sitinkawagwiritsanso ntchito, chifukwa alamu anawapatsa mayina awoawo ngati akusankha mkazi. Panali Kabuthu, panali Dona, panali Ntchembere. Eya, Tamanda, dzina la imene ili panjayi linachokera kumeneko.

Kabuthu kanali konkuno ku Mzuzu, pa bwalo la mnyamata wina wogulitsa magalimoto m'mbali mwa msewu wa ku Karonga. Kanali kakale, kogwirapo ntchito kunja, kolowa kudzera pa malire a ku Songwe, koma kopakidwa utoto watsopano. Kumbuyo kanali ndi timakasu tozungulira totipulira nthaka. Mtengo wake unali wofanana ndi zimene tinali nazo m'manja tsiku lomwelo. Alamu anakwera, mawondo awo n'kugunda chiwongolero. Mnyamata uja analiza injini, ndipo ndivomereze, kankalira mokoma, kosatulutsa utsi.

Ine ndinayala mpango pansi n'kugwada. Mimba yake inali pafupi kwambiri ndi nthaka. Kumene kanachokera kankalima minda ya mpunga yosalala ngati tebulo. Ife timalima mizere, ndipo mizere ya ku Lusangazi ndi yaitali. Malemba onse a pathupi pake anali a chilankhulo chimene palibe mmodzi wa ife akanawerenga. Ndinafunsa mnyamatayo kuti sefa ya dizilo ndingaigule kuti.

"Sikawonongeka aka, adada."

"Nanga kakawonongeka?"

"Timaitanitsa."

"Kuti?"

"Kunja. Sizichedwa chomene yayi."

Alamu anawerama ali pampando pomwepo. "Alamu, dzukani, mukundichititsa manyazi. Mlongo wanga munamutenga osafunsa za masipeya, ndipo mpaka lero akuyenda."

Mnyamata uja anaseka mpaka kugwira tayala. Inenso ndinaseka, koma ndinati tiyambe taona zina.

Sabata yomweyo ndinabwera kuchokera kushopu n'kupeza alamu ali pabwalo panga pano ndi mapolo a bulugama, malata akale ndi chingwe. Poloti yawo ya ku Chibanja inali yothina, ndiye anati shedi ikhala kwanga. Chingwecho anali atakayezera Kabuthu, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, n'kumanga mfundo. Ndinati sitinagule kanthu. Anayankha ali ndi misomali pakamwa.

"Ndikumanga kuti mukamadutsa pano muzichita manyazi."

Anamanga okha. Mukayang'anitsitsa muona kuti misomali yambiri ndi yopindika. Choko ankachidziwa, hamala ayi.

Kenako tinapita ku Lilongwe. Pa Jenda alamu anagula mbatata yokazinga ya anthu anayi n'kumagawira basi yonse, mpaka kondakitala. Dokotala anali atawaletsa kale zokazinga ndi zotsekemera chifukwa cha matenda a shuga, koma ankati dokotala watsala ku Mzuzu.

Dona tinamupeza m'shopu ya magalasi, pansi powala moti ndinapukuta nsapato pakhomo. Anali watsopano, wamphamvu, mpando wake wofewa kuposa wa m'chipinda changa chochezera. Anatipatsa tiyi. Wogulitsa anafotokoza kuti thirakitala imeneyo siivuta kawirikawiri, ndipo ndinamukhulupirira. Koma mtengo wake ngakhale tikanagulitsa nyumba ya ku Chibanja ukanatiyang'anabe kuchokera kumwamba. Anatinso ikavuta, woitsegula ndi makaniko wawo yekha, wobwera ndi kompyuta. Wina akaigwira, kampani imasamba m'manja. Ulendo wa makanikoyo kuchokera ku Lilongwe wolipira ndi mwini thirakitala.

"Ndiye Dona uyu akadwala chimfine ku Lusangazi, dokotala achokere kuno?" anafunsa alamu.

"Ndi mmene timachitira, bwana."

"Yewo chomene. Alamu, malizani tiyi wa eni ake tizipita."

Ntchembere tinaipeza ku shopu ina yafumbi, ili panja padzuwa. Siinali yokongola, mukuiona nokha. Inali yatsopano koma yopangidwa mwachikale, mimba yake ili pamwamba, injini yake yoti makaniko aliyense wa sipanala angaitsegule. Wogulitsa ananditengera kuseri n'kundionetsa mashelefu a masipeya. Ndinagwira sefa ndi dzanja langa, ndinagwira lamba, ndinafunsa mitengo. Dizilo inkamwa wochulukirapo kuposa Kabuthu. Mtengo wake, pamodzi ndi pulawo ndi ngolo, unali pakati: woposa zimene tinali nazo, koma wooneka kuti tikalimbikira tingaufikire.

Pobwerera m'basi ndinayamba kuwafotokozera alamu kuti mtengo wogulira si mtengo wonse. Pali dizilo, pali oyilo, pali masefa, pali matayala amene limodzi lokha lingadye phindu la chaka. Pali woyendetsa. Pali masiku amene chitsulo chagona kudikira sipeya pomwe mvula yoyamba yagwa ndipo anthu amene analipira ali pakhomo. Ndinati Kabuthu n'kotchipa tsiku logula lokha.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, zomwe sizinkachitika kawirikawiri. Kenako anati, "Mwaiwala chimodzi, a sitolo."

"Chiyani?"

"Maliro. Munthu wa ngolo sakana maliro. Adzakugogoderani kuti mukatute nkhuni, mukatenge bokosi, mukatenge azimayi a kwaya. Ndipo simungatambasule dzanja kuti dizilo. Dizilo wa maliro ndi wa mwini thirakitala. Ikanipo pamenepo."

Ananena zoona. Kuno ndi mmene zilili, ndipo palibe wogulitsa amene angakuuzeni. Ndinaikapo pa mawerengero anga.

Titabwerako sindinafulumire. Loweruka lililonse ndinkatseka shopu masana n'kumayenda m'magalaja a ku Luwinga. Sindinkalowera kutsogolo, ndinkazungulira kuseri kumene amataya zakufa. Kumeneko ndinapeza abale ake a Kabuthu angapo, udzu utamera m'mawilo, ena akusowa kachitsulo kochepa ngati chala. Za mtundu wa Ntchembere ndinkaziona zikulowa m'mawa n'kutuluka madzulo. Makaniko wina anandiuza kuti iye amakonda tating'ono tija. Nditafunsa chifukwa, anati, "Timaphunzitsa ana anga sukulu."

Tinakhala pansi Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, pakhonde lomwe lino. Alamu anakhala pamene wakhala Tamandapo. Ndinanena zonse zimene ndinaona, ndipo ndinamaliza ndi kuti ndalama zanga sindiika pa Kabuthu. Tidikire, tiwonjezere, tigule Ntchembere.

"Mpaka liti?"

"Mvula imodzi. Tikakolola tigula."

"Alamu, kali apo pamsewu. Mawa lomwe lino ndikhoza kukhala ndili pamwamba."

"Kadzatha zaka ziwiri kapena zitatu. Kenako penshoni yanu yonse idzakhala chisa cha nkhuku."

"Zitatu n'zambiri."

Ndinaganiza kuti akuseka monga mwa masiku onse. Ndinati penshoni imabwera kamodzi, ndipo a NyaChirwa adzadya chiyani chitsulocho chikafa? Pamenepo alamu anatembenuka. Anayang'ana shedi yawo, kenako anamenya bondo.

"Chabwino, a sitolo. Mwawina. Mvula imodzi."

Atapita, agogo anu aakazi akutolera makapu anandifunsa osandiyang'ana. "Bambo a Chifundo, mapazi a achimwene mwawaona?"

Ndinati ndawaona, avala masandasi.

"Mwezi wa Julayi, ku Mzuzu, popita kutchalitchi. Nsapato sizikulowa."

Ndinati akamwa mankhwala bwino kutupako kutha. Iwo anangolowa m'nyumba. Agogo anuwo salankhula kawiri.

Kabuthu sikanakhalitse pamsewu paja. Anakagula a Nyirenda a chigayo, a ku Chibanja komweko, ndipo njira yawo yopita kumunda inkadutsa pakhomo pa alamu. Mwezi wa Okutobala kankadutsa m'mawa uliwonse kakulira mokoma muja. A NyaChirwa anandiuza kuti alamu akakamva ankakweza wailesi. Ndinawauza alamu kuti tikabwereke kwa a Nyirenda, tilipire, katitipulire mbali imodzi ya munda chaka chimenecho. Anakana.

"Kamene ndinakafunsira ndekha, lero ndikabwereke kwa mwamuna wake? Yayi."

Mvula imodzi ija inakhala ziwiri. Tinakolola, tinagulitsa, ndinaimba foni ku Lilongwe, ndipo anandiuza mtengo wina. Kwacha inali itagwa. Zimene tinawonjezera chaka chonse zinangotibwezera pamene tinayambira. Ndinapita ku Chibanja kukawauza. Ndinkayembekezera kuti andikumbutsa za Kabuthu. Sanatero. Anangoti, "Ntchembere yanu ikuthamanga kuposa ife," n'kuitanitsa tiyi wopanda shuga.

Nthawi yodikirayo sanakhale manja lende. Anati pulawo siigwirizana ndi zitsa, ndiye anayamba kuzula. Chaka choyamba ankagwira nkhwangwa okha pamodzi ndi aganyu. Chaka chachiwiri ankakhala pa chitsa chimodzi n'kumaloza zinazo ndi ndodo. Pa chala cha phazi lawo panali kabala kamene sikankapola.

Loweruka ankabwera kuno. Ankatenga kampando n'kukakhala m'shedi yopanda kanthu ija, mpini wa khasu uli m'dzanja ngati giya, pakamwa akulira ngati injini. Wongani, iwe unkakhala pamiyendo pawo n'kumazungulitsa chivundikiro cha poto. Ukukumbukira? Ankati, "Hedimasitala, kona iyo! Tigunda msuku!" Ine ndinkaonera pa windo n'kumaseka. Ndinkaona masewera a munthu wokonda ana.

Titakolola kachiwiri ndinagulitsa katundu wambiri wa m'shopu pamtengo wotsika kuti mtengo usatithawenso, ndipo tinalipira. Ogulitsa anati thirakitala ifika nthawi yolima isanakwane. Siinafike. Ankati ndalama zakunja zikusowa, katundu waima padoko. Mvula yoyamba inagwa, tinadzala ndi makasu pa kangodya komwe kaja. Khirisimasi alamu anaidyera m'chipatala, ndipo anatulukamo opanda phazi lamanzere.

Ntchembere inafika pa lole mwezi wa Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye. Dera lathu lonse la Mchengautuwa linabwera kudzaona. Ndinali nditapeza woyendetsa, bambo wina amene anagwirapo ntchito ku esiteti. Ndinamuuza kuti ailowetse m'shedi. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, matayala analowa, mpando unalowa, kenako tinamva kuti khoo! Paipi ya utsi inagunda mtanda wa kutsogolo. Inatsala pang'ono, ngati chikhatho changa ichi. Chingwe chija chinayeza Kabuthu.

Tsiku lomwelo masana tinapita nayo kwa alamu ku Chibanja. Tinjira ta kumeneko mukutidziwa, ndipo inali nthawi ya matope. Tinaiimika pafupi ndi windo la kuchipinda kwawo. Ndinalowa. Anali ataonda moti ndinayamba ndayang'ana khoma. A NyaChirwa anawatsamiritsa pa mapilo, koma windo linali pamwamba, ankangoona nsonga ya paipi ndi utsi.

"Muuzeni asazimitse," anatero.

Tinamvetsera. Iwo anatseka maso. Dzanja lawo lamanja linkayenda pa bulangete, kutsogolo, kumbuyo.

"Ili ndi mawu a ntchembere zoona. Ikulankhula ngati apongozi." Anatsegula maso. "M'shedi yanga yalowa?"

Ndinaganiza zonama, koma sindinawanamizepo chiyambire tsiku la juzi. "Paipi yagunda mtanda, alamu. Yatsala chonchi."

Anaseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, a NyaChirwa n'kumawasisita pamsana akundiyang'ana ine moipidwa. Atapeza mpweya anati, "Zaka ziwiri mukufufuza masipeya, osayeza denga! A sitolo!"

"Ndikweza mawa."

"Yayi. Musagwire. Inu misomali mumangodziwa kugulitsa. Ndikadzuka ndidzakweza ndekha."

Ndinati chabwino.

Anamwalira mwezi wa Epulo, mvula ija ya kuno imene imagwa sabata yathunthu osapuma. Anali atanena kuti akaikidwe ku Lusangazi, pakati pa anthu amene anawaphunzitsira ana. Abale a ku Nkhata Bay anavuta poyamba, koma mawu anali a mwini wake. Tinapeza lole yonyamula bokosi. Ntchembere inali itapita kale m'mawa ndi nkhuni ndi ufa. Titasiya msewu wa tala n'kulowa msewu wafumbi, lole inatitimira mpaka m'mimba. Anyamata anakankha, anaika nthambi, matayala ankangozungulira. Mkulu wina wa mpingo anabwera kwa ine n'kunena motsitsa mawu, "Adada, ngolo yanu ija."

Tinatuma mnyamata kukaiitana, ndipo itabwerera tinatsitsa bokosi n'kuliika m'ngolo. A NyaChirwa ndi agogo anu anakhala m'mbali mwake, azimayi a kwaya akutsatira pansi ndi maambulera. Ntchembere inayenda m'matope amenewo osaterereka ngakhale kamodzi. Zonse zimene ndinkanena za iyo zinali zoona.

Njira ya kumanda imadutsa kumtunda kwa munda, pafupi ndi msuku. Titafika pamenepo a NyaChirwa anamenya m'mbali mwa ngolo. "Imani pang'ono." Woyendetsa anaima, anafuna kuzimitsa. "Musazimitse." Nyimbo inaleka. Munda unali pamenepo, wopanda chitsa ngakhale chimodzi, udzu wokhawokha mpaka kudambo, kupatula kangodya ka chimanga. Injini inkalira. Kenako a NyaChirwa anati, "Tiyeni."

Imeneyo ndiyo inali ntchito yoyamba ya Ntchembere, ndipo ndi ulendo wokhawo umene alamu anakwera. Dizilo anali wanga, monga ananenera.

Miyezi yozizira ndinaphunzira kuyendetsa. Okutobala atafika ndinauza woyendetsa uja kuti akhale pansi pa msuku. Ndinayamba m'mawa. Dzuwa lisanalowe munda wonse unali wofiira, kuchokera pamtengo mpaka kudambo. Mizere yanga yoyamba inali yokhota. A NyaChirwa anaima kumtunda ndi manja kumbuyo, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Yewo, alamu," n'kupita kukaona madzi a tiyi. Pamwamba pa chitsulocho panali ine.

Za Kabuthu mukufuna kudziwa. Kanalima mvula zitatu. Mimba yake inkakhula mizere monga ndinaonera, ndipo a Nyirenda ankakatukwana tsiku lililonse. Kenako pampu ya dizilo inafa. Anaitanitsa kunja, kunabwera ya mtundu wina. Anaitanitsanso, sikunabwere kanthu. Lero kali kuseri kwa chigayo, mawilo ataphwa, ana akuseweramo. A Nyirenda akandiona amati, "Inu ndiye munaona patali." Ndimangoti yewo. Ntchembere yadyetsa a NyaChirwa zaka zonsezi, yalipira sukulu ya mwana wawo wotsiriza, ndipo sinagonepo sabata kudikira sipeya. Kabuthu kakanawasiya opanda kanthu. Zimenezi ndimadziuza kawirikawiri, ndipo ndi zoona.

Koma pa mvula zitatu za Kabuthu, yoyamba alamu anali ndi mapazi onse awiri, ndipo ankatha kukwera. Mwina ndi yachiwiri yomwe. Iwo ankadziwa chimene ankawerenga ponena kuti zitatu n'zambiri. Agogo anu aakazi ankadziwanso. Ine ndinawerenga dizilo, matayala, masefa, mpaka maliro.

Anthu amabwera kudzandifunsa kuti agule iti, poti amati ndimadziwa. Ndimawauza zomwezo: gwadani muone mimba yake, gwirani sipeya ndi dzanja lanu musanalipire, pitani kuseri kwa galaja. Sindinasinthe maganizo pa chitsulo. Koma masiku ano ndimafunsanso kuti wofuna kukwerayo ndani, ndipo ali bwanji m'thupi. Ena amadabwa, amaona ngati ndi funso la mwano.

Ndiye denga lija. Poyamba ndinkati ndidikire chaka chithe. Chitatha ndinkati ndilibe matabwa abwino, ine amene ndinagwira ntchito pa kampani ya matabwa. Zoona zake n'zakuti anati musagwire, ndipo ine ndinati chabwino. Mawu ena amene ndinawauza, oti mvula imodzi, sanakwaniritsidwe. Awa okha ndi amene ndinatha kusunga.

Koma dzimbiri layamba kudya pansi pa mpando, ndinaona sabata yatha. Theka la chitsulocho ndi la a NyaChirwa, ndipo akanakhalapo alamu akanandiseka kuti a sitolo akudikiranso.

Wongani, ukawauze bambo ako kuti Loweruka akweze. Malata akhale omwewo. Mtanda wa kutsogolo, uja uli ndi bala la paipi, asauwaze nkhuni, auike kumbuyo. Misomali yopindikayo, Tamanda, uitolere m'chitini undisungire. Makiyi ndisiya kwa agogo anu. Polowetsa, iwe Wongani ukhale pampando pamodzi ndi bambo ako, ugwire nawo chiwongolero. Unaphunzira kale m'shedi momwemo.

Ine Loweruka ndikwera minibasi m'mawa kupita ku Lusangazi, pali udzu wofunika kulambula pamanda. Hamala sindikufuna kuimva. Ndikamabwera madzulo ndipeze yalowa kale.